Mwendo Umene Ndinasungira a Inshuwalansi

Lole inandigunda Lachinayi m'mawa, nditatsala pang'ono kulowa pa Songani. Ndinali pa njinga, kumbuyo nditamanga dengu la matemba amene ndinapikula ku doko dzulo lake. Ntchito yanga inali imeneyo: kugula nsomba ku nyanja ya Chilwa, kukagulitsa ku msika, ndi kubwerera kwa Mwambo kumene ndinali pa chikamwini. Ndinali ndi mkazi ndi mwana mmodzi wamkazi, wongoyamba kumene kuyenda. Hutala sindinaimve. Ndinangomva ngati munthu wandimenya ndi chipika kumsana, kenako ndinapezeka m'ngalande, matemba ali mbwee pamsewu, mwendo wakumanja utapindikira kumene mwendo supindikira.

Dalaivala sanaime. Amene anandinyamula anali bambo wina wokhoma zidebe, amene ankagwirira ntchito yake pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa msewu. Analibe pensulo, ndiye nambala ya loleyo anailemba ndi msomali pa kachidutswa ka chitini. Anaimitsa galimoto ina, nandiperekeza mpaka ku chipatala ku Zomba, ndipo apolisi atabwera anawapatsa kachidutswa kaja. Sankandidziwa. Tinkangopatsana moni ndikamadutsa.

Ndinagona m'chipatala miyezi itatu. Fupa la ntchafu linathyoka pawiri, bondo nalonso linang'aluka. Dokotala anali mzungu wachikulire, ndipo tsiku limene anandichotsa chikhakha analankhula pang'onopang'ono kuti womasulira asasiyeko mawu.

"Muziyenda tsiku lililonse. Bondoli muzilipinda ngakhale likupweteka. Pakatha miyezi itatu ndodo zoyenderazi muzitaye. Mudzatsimphina pang'ono, koma mudzalima."

Ndinamva bwinobwino. Sindinganame kuti sanandiuze.

Koma sabata yomweyo ndinali nditamvanso mawu ena. Pa bedi loyandikana ndi langa panagona nkhalamba ina, ndipo mphwake ankabwera kudzaiona Loweruka. Anali wa jekete ndi chikwama cha mapepala, kalaliki ku ofesi ina ya maloya ku Blantyre. Atamva nkhani yanga anakoka mpando.

"Achimwene, lole imeneyo ili ndi inshuwalansi. Nambala ilipo, mboni ilipo. Chipukutamisozi chanu ndi chachikulu, simudzakweranso njinga ya matemba moyo wanu wonse."

"Ndiye nditani?"

"Musayine apa. Zinazo tisiyireni ife. Miyezi isanu ndi umodzi basi."

Sukulu ndinalekezera Sitandade 5, kotero ndinasayina ndekha, monyadira, osadinda chala. Akutseka chikwama anatsitsa mawu.

"Koma chinthu chimodzi. A inshuwalansi amatumiza munthu wawo mwakachetechete kudzaona ngati wovulalayo anavulaladi. Sanena tsiku. Akadzakupezani muli ndi khasu, kapena mukuyenda opanda ndodo, zonse zathera pomwepo. Ndodozi musazitaye mpaka cheke chituluke."

Kumudzi anandilandira ngati ndachokera ku Joni. Mudziwo unali wa akuchikazi, alimi a mpunga okhazikika m'mbali mwa nyanja kuyambira kalekale. Ine kwathu ndi kwa Kuntumanji, makolo athu anachokera ku Mozambiki, ndipo kale ndikalakwitsa kanthu ankandikumbutsa zimenezo. Mwini mbumba anali atsibweni ake a mkazi wanga, munthu wamtali wolankhula mofatsa, mkulu wa mpingo. Asanamve za inshuwalansi anali asanakhalepo pakhonde panga. Atamva, anabwera ndi nkhuku.

Miyezi iwiri yoyamba ndinkachita zimene dokotala ananena. Ndinkazungulira nyumba m'mawa, n'kumapinda bondo nditagwira mzati. Linkapweteka mpaka kutuluka thukuta, koma linkamvera. Tsiku lina ndinayenda ndi ndodo imodzi kukafika pa chitsime. Pobwerera ndinapeza atsibweni aja akundidikira.

"Akamwini, mukufuna mutitayitse? Mudzi uno uli ndi maso. Munthu uja akafika, sadzayamba ndi inu, adzayamba kufunsa anthu. Khalani pansi. Munda tikulimirani ife."

Ndinakhala pansi. Anandilimira chaka chimodzi.

Miyezi isanu ndi umodzi itatha ndinapita ku Blantyre. Ulendo wake unali wa kunyamulidwa pa njinga mpaka ku msewu, basi ya ku Zomba, kenako ina. Mkazi wanga anagulitsa nkhuku ziwiri kuti ndipeze yokwerera. Ofesi inali pamwamba, masitepe ambirimbiri, ndipo ndinakwera chokhala, ndikukoka ndodo. Kalaliki uja anandipatsa moni wa nsangala, natulutsa fayilo yokhala ndi dzina langa pachikuto.

"Zikuyenda. Koma lipoti la apolisi analemba dzina la bambo anu molakwika, chilembo chimodzi. A inshuwalansi akuti si munthu yemweyo. Tikulembera apolisi akonze."

Chilembo chimodzi chimenecho chinadya miyezi isanu ndi itatu.

Chaka chimenecho nyanja inauma. Anthu ankayenda wapansi pamene kale pankadutsa mabwato, mpaka kukafika ku chilumba cha Chisi. Asodzi anabalalika, mpunga unapserera m'madimba, ndipo m'mudzi aliyense anayamba kuyang'ana pakhomo pake. Za kundilimira zinatha popanda wonena kuti zatha. Mkazi wanga anali ndi pakati pa mwana wachiwiri. Ankadzuka kusanache kupita kumtunda kukagwira ganyu, n'kubwera madzulo ndi kambale ka mgaiwa kapena chinangwa chouma. Ine ndili pakhonde, ndodo ziwiri nditazitsamiritsa pakhoma poonekera.

Sindikudziwa ngati munthu amene sanakhalepo chonchi angamvetse. Manja anga anali amphamvu, mwendo winawu unali wabwino. Ndikanatha kuluka mphasa, koma ndinkaopa kuti anganene kuti ndili ndi ntchito. Ndikanatha kukhala pa chulu n'kumaingitsa mbalame, koma munda unali patali, ndipo wopita patali ndiye kuti akuyenda. Ndinkayang'ana njira yochokera ku msewu kuyambira m'mawa. Akatulukira mlendo wovala nsapato, ndinkagwira ndodo n'kukwinya nkhope. Tsiku lina anabwera wa kabudula ndi kope m'manja. Ndinadzikoka pansi mpaka pabwalo ndikubuula. Anandiyang'ana modabwa, nafunsa ngati pakhomopo pali mbuzi. Anali wowerenga ziweto. Amayi a pa mtondo anaseka mpaka kusiya misi.

Ku Blantyre ndinkapita kawiri kapena katatu pa chaka, ndipo ulendo uliwonse unali ndi yankho lake. Dzina litakonzedwa, a inshuwalansi anati ine ndinali pakati pa msewu. Kenako anafunsa ngati njinga yanga inali ndi belu. Kenako anati lipoti la dokotala lakalamba, pakufunika lina, koma dokotala uja anali atabwerera kwawo. Kenako loya mwini mlandu anachoka pa ofesipo, ndipo watsopano ankati akuwerenga kaye fayilo. Maloya onse awiriwo sindinawaonepo nkhope. Ndinkangoona chitseko chawo, ndi kalaliki, amene chaka ndi chaka ankanenepa, ndipo anasiya kunditcha achimwene. Ankangoti, "Mwabweranso?"

Tsiku lina, atandiuza kuti fayilo yapita ku ofesi ina ndipo sinabwerere, mtima unandipsa. Ndinati, "Kodi dziko lino wosauka alibe kolirira?"

Kalaliki anadzuka msanga n'kukatseka chitseko. Pa benchi panali anthu ena awiri, onse anayang'ana pansi.

"Bambo, mawu amenewo mukalankhulire kwanu. Muno muli anthu a ana. Dziko lili bwino, yachedwa ndi fayilo. Mwamva?"

"Ndamva."

"Nenani."

"Yachedwa ndi fayilo."

Masiku amenewo munthu ankatha kusowa chifukwa cha mawu ochepa kuposa amenewo. Ndinatsika masitepe aja ndikuthokoza kuti wanditsekera chitseko. Mpaka lero zimandiwawa kuti ndinamuthokoza.

Nyanja inabwerera, anzanga a matemba anayambanso kudutsa ndi madengu. Ndalama za dziko zinasintha, mapaundi anachoka n'kubwera makwacha, ndipo kalaliki anati mapepala onse ayenera kutayipidwanso chifukwa chiwerengero chinali m'mapaundi. Ndinabwera kunyumba ndi nkhani imeneyo. Mkazi wanga anali atangofika kuchokera kudimba, matope mpaka m'mawondo, mwana kumsana. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Sanali munthu wolongolola. Zaka zinayi zonsezo anali asanandinenepo kanthu. Analowa m'nyumba, natuluka ndi khasu langa lakale, naliika pamapazi anga.

"Bambo, tengani. Mawa tipitire limodzi."

"Nanga akabwera munthu uja?"

"Abwere. Adzatipeza kudimba. Ine ndatopa. Msana wanga ulibe fayilo."

M'mawa mwake ndinasiya ndodo imodzi n'kumutsatira. Ulendo umene kale ndinkayenda ndikuimba mluzu unanditengera theka la m'mawa. Nditafika ndinalowa m'matope, ndinakweza khasu, ndipo pofuna kuwerama bondo linakana. Sikuti linapweteka. Linangokana, ngati mtengo. Ndinayesanso, ndinagwa chammbali m'madzi. Mwendo unali utaonda ngati wa mwana, ndipo ine amene ndinkauona tsiku lililonse ndinali ndisanazindikire. Mkazi wanga anandidzutsa, nandikhazika pa mzere, napitiriza kuwokera mpunga. Sanandiyang'anenso mpaka dzuwa linafika pamutu.

Mwezi wotsatira ndinakaonana ndi dokotala watsopano, chifukwa cha lipoti lija ankalifuna. Anali Mmalawi mnzathu, wamng'ono kwa ine. Anawerenga khadi langa lakale la kuchipatala, nagwira bondo, nalikankha, nagwedeza mutu.

"Bambo, apa analemba kuti muziyenda. Munkayenda?"

Anakankhanso bondo lija, napitiriza.

"Fupa linalumikizana bwino kalekale. Koma bondoli lauma. Mukanabwera chaka choyamba tikanalithandiza. Pano palibe chimene ndingachite."

Lipotilo ndinapita nalo ku Blantyre lili mu envulopu yomata. Kalaliki anatsegula, nawerenga, nkhope yake n'kuwala.

"Izi ndiye nkhani! Poyamba analemba kulumala pang'ono, pano alemba kulumala kwa moyo wonse. Ndalama zikwera, achimwene."

Tsiku limenelo ananditchanso achimwene.

M'chaka chachisanu ndi chimodzi kalata inabwera kudzera ku sukulu ya mpingo: mlandu ukalowa m'khoti, ndibwere ndi mboni yanga. Ndinapita pa Songani kukamuuza bambo wa zidebe uja. Zaka zonsezi ndikamadutsa pa basi ndinkamuona pansi pa mango paja, ndipo kawiri ndinatsika kukamupatsa moni. Nthawi zonse ankati, "Tsiku likadzafika mudzandiuze, ndidzanena zimene ndinaona."

Pansi pa mango panalibe munthu. Panatsala mwala umene ankakhomerapo. Ndinafunsa mayi wina wogulitsa nthochi, anayang'ana kumbali n'kunena kuti iye ndi mlendo. Ndinafunsa wokonza njinga, anati sakumudziwa. Wachitatu, nkhalamba, anandikokera kuseri kwa sitolo. Anati bambo uja anali wa mpingo uja unkakana kugula khadi la chipani. Nyumba yake inatenthedwa mwezi wathawo, iye ndi banja lake anathawa, ena akuti anawolokera ku Mozambiki.

Ndikutuluka kuseriko, anyamata awiri a malaya ofiira anandiimitsa. Anafuna khadi, ndinawaonetsa. Wamkuluyo sanandibwezere msanga.

"Tamva mukufunsa za wokhoma zidebe. Ndi mbale wanu?"

"Ayi."

"Mnzanu?"

"Ayi. Sindimudziwa. Ndinamusiyira chidebe kuti akhome, ndimafuna chidebe changa."

Anaseka, nandiponyera khadi. "Chidebe chanu chinapita, madala. Kaguleni china."

Munthu amene ananditola m'ngalande ndili magazi okhaokha, amene anasiya ntchito yake tsiku lonse chifukwa cha ine, ndinamukana masana dzuwa likuswa mtengo, pamtunda wosakwana mayadi makumi awiri kuchokera pamene ananditola. Ndipo m'basi pobwerera, chimene chinkandivuta mumtima sichinali kumene iye wagona ndi ana ake. Ndinkaganiza za mlandu wanga. Ndi mmene zaka zimenezo zinandisandutsira.

Mlandu sunalowe m'khoti. Popanda mboni, loya anati ndi bwino kukambirana. A inshuwalansi analemba kalata yaitali, ndipo kalaliki anandimasulira ndili chiimire. Mfundo zinali ziwiri. Yoyamba, palibe amene angatsimikize kuti ndinali m'mbali mwa msewu. Yachiwiri, malinga ndi lipoti latsopano lija, kuuma kwa bondo si mlandu wa lole, ndi mlandu wanga, chifukwa sindinatsatire malangizo a dokotala.

"Koma ndinu amene munandiuza kuti ndisataye ndodo."

Anandiyang'ana m'maso osaphethira. "Ine? Ndinalemba pati?"

"M'chipatala muja. Munati kudzabwera munthu."

"Bambo, ine ndine kalaliki, si dokotala. Ndinati musamale. Kusamala si kukhala pansi zaka zonsezi."

Munthu wa inshuwalansi uja sanabwere. Sindikudziwa ngati analipo n'komwe.

Nkhaniyi itafika kumudzi, atsibweni aja anaitanitsa ankhoswe. Tinakhala pansi pa mtengo wa bwemba kuseri kwa nyumba yawo. Analankhula mofatsa monga mwa masiku onse. Anati mwana wawo wavutika mokwanira. Anati mkamwini amabwera pamudzi kudzalima ndi kumanga, ndipo iwo sanaonepo mwamuna wamanja awiri wongokhala pakhonde zaka zonsezi ngati mphaka. Anawonjeza kuti mwina kwathu n'kumene amatero.

Ndinati, "Apongozi, si inu munandibweza pa chitsime paja?"

"Ine ndinakulangizani za miyezi isanu ndi umodzi. Za zaka zisanu ndi chimodzi munadzilangiza nokha."

Nkhoswe yanga, mkulu wanga, anafunsa mkazi wanga ngati mawuwo ndi akenso. Mkazi wangayo anali atakhala poteropo, miyendo atatambasula, akuyang'ana manja ake. Ndinkayembekeza kuti anena kuti akumukakamiza.

"Ndi anga," anatero. "Sindikudana nawo. Koma ndikawaona pakhonde paja mtima umandiwawa, ndipo ndatopa ndi kuwawa mtima."

Sindinamutsutse. Ndinanyamula bulangete, malaya awiri ndi mapepala a mlandu, mkulu wanga nandikweza pa njinga kubwerera kwa Kuntumanji. Ana anatsala, monga mwa mwambo. Kwa mayi anga ndinaphunzira kusoka nsapato ndi kuluka mipando ya chilambe, ntchito za munthu wokhala pansi, zimene ndikanatha kuyamba chaka choyamba chija.

Cheke chinatuluka m'chaka chachisanu ndi chiwiri. A inshuwalansi anadula theka chifukwa cha mboni, nadulanso chifukwa cha bondo. Maloya anatengapo zawo, za makalata, za masitampa, za kutayipa kawiri. Zimene kalaliki anandiwerengera patebulo zikanagula njinga yatsopano ndi matumba angapo a chimanga. Anandipatsa pepala loti ndisayine kuti ndakhutira ndipo sindidzadandaulanso. Ndinasayina. Anandigwira chanza n'kunena kuti ndili ndi mwayi, ena amamwalira fayilo isanatsekedwe.

Ndinagawa ndalamazo pawiri, ndipo sabata yotsatira ndinapita kwa Mwambo. Inali nyengo yokolola mpunga. Mkazi uja anali atakwatiwa ndi msodzi wina wamasiye, munthu amene sindinamvepo choipa chake. Nyumba inali yomweyo, koma anali atafolera udzu watsopano ndi kumanga nkhokwe yachiwiri. Mwamunayo anali ku nyanja. Mwana wanga wamkulu anandigwadira n'kundipatsa moni mwaulemu ngati mlendo wa ku mpingo. Wamng'onoyo anabisala kuseri kwa mayi ake.

Mayi awo anandiyalira mphasa pabwalo, osati pakhonde, nandipatsa madzi. Tinafunsana za moyo, za mayi anga, za maliro a mwezi wathawo. Kenako ndinatulutsa envulopu.

"Zija zatuluka. Izi ndi za ana. Ndi zanunso."

Anailandira ndi manja awiri. Sanatsegule. Anaipinda n'kuimanga pa nsonga ya chitenje.

"Ndiye basi, zatha?"

"Zatha."

Anayang'ana nkhuku zimene zinkatola mpunga pa mkeka. Ndinali nditakonza mawu ambiri m'njira, opepesa ndi ofotokoza, koma palibe amene anatuluka.

"Wamkuluyu akufuna yunifolomu," anatero. "Ndimugulira Loweruka. Ndidzamuuza kuti yachokera kwa bambo ake."

Ndinathokoza. Anaingitsa nkhuku zija, nadzuka, namanga chitenje bwinobwino.

"Mundikhululukire, ndasiya anthu kudimba akumweta. Munyamuke dzuwa lisanatenthe, njira ndi yaitali kwa inu."

Anauza mwana wamkulu kuti andiperekeze mpaka pa mlatho. Tinayenda awiri, iye patsogolo, akuima pafupipafupi kuti ndimupeze. Pa mlatho anagwadanso, nati muyende bwino, nabwerera chothamanga.